Chilembo Chimodzi Patsogolo pa Dzina Langa

Mizere imene ana a ligi ija ankathamangamo ndinkajambula ndine. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa mwa anthu onse amene anakhala pamipando n'kumaweruza mwana wanga, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo chidebe cha laimu. Papita zaka ndithu, koma ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwira ngati zachitika dzulo, ndipo asabwere munthu kudzandiuza zoti ndiiwale.

Ndinafika ku Durban mu 2008 kuchokera kwathu ku Mangochi. Mnzanga wina wa kumudzi, amene ankasamalira maluwa kwa mzungu ku Westville, ndiye anandipezera ntchito pa sukulu ina ya sekondale ya ana a anthu olemera komweko. Ntchito yanga inali ya m'galaundi: kutchetcha kapinga, kuthirira, kusalaza mchenga wa podumphira, ndi kujambula mizere nyengo ya mipikisano ikafika. Patapita chaka mkazi wanga ananditsatira ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Tinapeza kachipinda ku Overport, kuseri kwa shopu ya mmwenye wina, pafupi ndi mzikiti.

Ligi imene ndikunenayi inali ya masukulu a sekondale a m'chigawo chathu, ya masewera othamanga, kudumpha ndi kuponya. Mbiri yake ndinaiphunzira ndi nsanza m'manja. M'nyumba ya m'mbali mwa galaundi, momwe akuluakulu ankamwera tiyi, munali chithabwa chachikulu pakhoma chokhala ndi mayina a masukulu a mu ligi, olembedwa ndi penti wagolide, ndipo Lachinayi lililonse ndinkachipukuta. Pamwamba penipeni panali masukulu anayi amene anayambitsa ligiyo kalekale, ya komwe ndinkagwira ntchito ili yoyamba. Mdala wina wachizulu woyendetsa thirakitala, amene anakalambira pa sukulupo, anandiuza kuti masiku amenewo munthu wakuda ankalowa m'galaundimo ndi fosholo basi. Dziko litasintha analandira masukulu awiri a amwenye, kenako ina ya atsikana okhaokha, kenako ina ya ku lokeshoni. Ya ku lokeshoniyo sinachedwemo. Inajomba mipikisano iwiri chifukwa chosowa basi yonyamula ana, ndipo anaichotsa. Dzina lake analipala pachithabwapo, koma ukayang'ana cham'mbali linkaonekabe.

Malamulo a ligiyo anali okomera eni ake, ndipo sankabisa n'komwe. Sukulu yatsopano inkalowa moyesedwa kwa zaka ziwiri. Ikalakwitsa kanthu kamodzi m'zaka zimenezo, inkabwerera kunja kukadikira zaka zina zitatu isanapemphenso. Onena kuti yalakwitsa anali a komiti, ndipo mu komitimo masukulu anayi oyambitsa aja sankachokamo, zivute zitani. Wapampando anali hedimasitala wathu, bwana wanga. Ndisamunamizire, sanali munthu wolusa. Ankapereka moni kwa aliyense, ndipo pa Khirisimasi ankatigwira chanza tonse a m'galaundi. Anthu otere ndi amene amandiopsa masiku ano kuposa olalata.

Sukulu ya mwana wanga ku Overport inali ya boma, yopanda galaundi. Ana ankathamangira poimika magalimoto, ndipo akafuna mtunda wautali ankakwera zitunda za m'misewu akuzemba matekisi. Pa sukulupo panali aphunzitsi ena a masamu, mayi wachimwenye wamfupi, amene ana ankangowatchula kuti a madamu. Amenewa analemba makalata zaka zitatu kupempha kuti sukulu yawo ilowe mu ligi. Akawakana ankalembanso, akawakana ankalembanso, mpaka a komiti anatopa nawo n'kuwalola mu 2013. Tsiku limene yankho linabwera, mwana wanga anafika kunyumba akudumphadumpha mpaka amake anamukalipira kuti atigwetsera mapoto.

Mwanayo anatengera kwa amake, anthu aataliatali miyendo. Mpikisano wake unali wozungulira galaundi kawiri. Ankathamanga atavala thalauza lalitali ndi mpango kumutu, chifukwa za kabudula amake sankafuna n'kuzimva komwe. Chaka choyamba atsikana a masukulu olemera ankamuseka, ankati wabwera kudzachapa zovala. Chaka chachiwiri, ali giredi teni, kuseka kuja kunatha, chifukwa ambiri ankangouona mpangowo kumbuyo kwake. M'mawa uliwonse tikatha kuswali ankatuluka kukakwera chitunda chakuseri kwa mzikiti kasanu asanapite kusukulu. Palibe ankamutuma.

A madamu anamuuza kuti akapambana pa mpikisano womaliza wa chaka chachiwiricho, adzasankhidwa kukaimira chigawo chonse, ndipo kumeneko ndi komwe a mayunivesite amabwera kudzaona ana oti awaphunzitse. Zaka ziwiri zoyesedwa zija zinkatheranso tsiku lomwelo. Kwa mwana wa munthu wotchetcha kapinga, wokhala kuseri kwa shopu, khomo lina lotere kunalibe, ndipo iye ankadziwa zimenezo bwino kuposa ine.

Kuntchito sindinauze munthu kuti mtsikana wa mpango uja ndi wanga. Aliyense amene anakhalako ku Durban zaka zimenezo akudziwa chifukwa chake: alendofe tinkadedwa. Chichewa tinkachisiya pakhomo pamodzi ndi masilipasi. M'tekisi foni ikalira, ukaona kuti ndi kumudzi, unkaisiya ilire mpaka itope. Pakamwa panga panazolowera yebo ndi sharp, mawu ovomerera a kumeneko, ndipo tsiku linkatha nditalankhula mawu osakwana makumi awiri. Anzanga ankadziwa kuti ndine Mmalawi, koma sanandimvepo ndikulankhula chakwathu, ndipo zinali bwino choncho. Mwana wanga akabwera kudzathamanga pa galaundi yathu sitinkapatsana moni. Ine ndinkasalaza mchenga n'kumamuyang'ana mobera.

Mpikisano womaliza unachitikira pa galaundi yomweyo, Loweruka lina m'mwezi wa Malichi, kukutentha kwa ku Durban kuja koti malaya amamatirira kumsana. Atazungulira kamodzi anali wachiwiri. Pokhota pomaliza anadutsa mtsikana wa sukulu ina ya ku Durban North, imodzi mwa anayi oyambitsa aja, amene anali asanagonjepo chiyambire chaka. Koma mtsikanayo sanali wamasewera, anayamba kumubwerera pang'onopang'ono mpaka anamufika paphewa. Ine ndinali pafupi ndi pothera, chosalazira mchenga chili m'manja. Sindikudziwa kuti pakamwa panatseguka nthawi yanji.

"Ponda moto, mwana wanga! Akukupeza!"

Anapambana ndi phazi limodzi lokha.

Pambali panga panaima kochi wa sukulu ya ku Durban North ija, bambo wachizulu wa chimimba choti iye mwini sakanatha kuzungulira galaundi ngakhale kamodzi, wotchi ikulendewera pakhosi. Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku magambuti. Anandifunsa m'Chizulu kuti chimene ndalankhulacho n'chilankhulo chanji. Ndinamuuza. Anafunsanso ngati mtsikanayo ndi wanga, ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinadzigunda pachifuwa n'kuvomera. Iye anangoti, "Oho," n'kunyamuka kupita ku tebulo la olemba zotsatira.

Nthawi yopereka mamendulo itakwana, anaitana opambana a mipikisano ina yonse, wa mwana wanga n'kuudumpha. Ndinaona a madamu akuthamangira ku tebulo kuja ndi fayilo yawo. Panali lamulo lakuti mwana wobadwira kunja, wina akadandaula, aonetse pasipoti ndi pemiti yake ya sukulu. A madamu anali munthu wosamala, anali nazo zonse. Olemba zotsatira aja anaika pepala la pasipoti pambali pa khadi la ligi. Dzina loyamba linali lofanana, tsiku lobadwa linali lofanana. Koma dzina lachiwiri pa khadi la ligi linkayamba ndi chilembo A, pamene pa pasipoti chilembocho panalibe. Kochi uja sanafune zambiri. Anati awa ndi anthu awiri, pasipotiyo ndi ya mng'ono wake, taonani chithunzicho n'cha kamwana, taonani kutalika kwa mtsikanayu, anthu awa ndi mmene amachitira. Mendulo anaibweza m'bokosi, nkhani n'kuiika m'manja mwa komiti Lachitatu.

Ndifotokoze za A ameneyu, chifukwa ndi amene anatipha. Kwathu mwana amalembetsa sukulu ndi dzina la bambo ake. Pa pasipoti ya mwana wanga panali dzina langa monga a boma analembera, lopanda kanthu patsogolo. Koma tsiku lokamulembetsa ku pulayimale ku Overport ine ndinali kuntchito, pasipotiyo ili ku ofesi kudikira pemiti, ndipo anapita ndi amake. Kalaliki anafunsa dzina la bambo. Mkazi wanga sanganditchule dzina, chikwatiranireni sananditchulepo. Anangomugwira mwana paphewa kuti ayankhe ndiye. Mwanayo anayankha mmene amayankhira mwana woleredwa, anayamba ndi "a" kenako dzina langa. Kalaliki analemba zimene anamva, A wamkulu n'kumumata ku dzinalo ngati ndi mbali yake. Pasipoti itabwera anangoijambula n'kuponya pepalalo m'fayilo osawerenga. Kuyambira pamenepo A uja anayenda yekha, kuchoka m'kaundula wa pulayimale kupita m'kalata yosamukira ku sekondale, mpaka kukafika pa khadi la ligi.

Ndipo ine ndinkamuona A ameneyo. Apa ndi pamene ndimadzikwiyira ndekha. Temu iliyonse mwana ankandipatsa lipoti la kusukulu ndi manja awiri, ine n'kuona dzina langa lili ndi A patsogolo, mtima n'kukhala m'malo. Ndinkauza mkazi wanga kuti, "Taonani amayi, m'dziko lomwe lino lomwe amatitcha mayina achipongwe, ilipo sukulu imodzi yodziwa ulemu." Zaka zisanu ndikunyadira kulakwitsa kwa kalaliki. Lipoti lina ndinalitumiza kumudzi kuti abale aone mmene akundilemekezera ku Joni.

A madamu anabwera kwathu Lamlungu masana. Anakhala pa mpando wathu umodzi wokhawo, maso ali psuu. Nditawafotokozera za A uja anagwira kumutu. Kenako anati anthu a mu komiti aja amawadziwa bwino, sangakhale pansi kumaphunzira miyambo ya eni ake. Adzamufunsa mwanayo dzina lake ndi la bambo ake, n'kumamuyang'ana pakamwa. Akadzayankha mosadodoma monga zilili pa pasipoti, mwina zingayende.

"Mumukonzekeretse," anatero a madamu potsanzika. "Atchule dzina lanu monga lalembedwera, osawonjezera kanthu."

Iwo atapita ndinamukhazika mwana pabedi, ine n'kukhala pampando uja.

"Bambo ako dzina lawo ndani?"

Anatchula, ndi "a" wake patsogolo.

"Chotsa ameneyo. Tchula dzina lokha."

Anayang'ana pansi. "Ababa, sindingathe."

"Sungathe chiyani? Lilime ulibe? Galaundi ukuzungulira kawiri osapuma, ndiye ukulephera kadzina kamodzi?"

Anayesa ndithu. Pakamwa panatseguka, koma "a" uja anatuluka yekha. Tinabwereza kachiwiri, kachitatu, zomwezo. Mkazi wanga anatenga ndowa n'kutuluka ngati akukatunga madzi pampopi, chikhalirecho m'nyumba madzi anali odzadza. Sakanatha kukhala m'chipinda momwe mwana akuphunzitsidwa kutchula bambo ake ngati mnzake wa m'kalasi. Ine mtima unandipsa. Ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa. Ndinamuuza kuti ulemu wakewo ndi umene watiika m'mavuto, kuti ana makumi atatu a sukulu yake achotsedwa mu ligi chifukwa cha kuuma mutu kwake. Ndinanena zimenezo ine, ineyo amene ndinamukwapulapo ali wamng'ono chifukwa choitana amalume ake ndi dzina lokha. Za kufuula kwanga pa galaundi paja sindinatchuleko.

Tsiku limenelo sanatchule. Lolemba sanatchule. Lachiwiri ndinasiya kukalipa, ndinamunyengerera. Ndinamuuza kuti akangotchula kamodzi kokha zitheka, mendulo amupatsa, sukulu ikhala mu ligi, ndipo palibe adzakumbukenso. Anatchula kamodzi, monong'ona, atayang'ana kukhoma, kenako anakana chakudya.

Lachitatu m'mawa bwana anandituma ineyo kuti ndikonze nyumba ya tiyi ija. Anali atadziwa kale kuti mwanayo ndi wanga, koma sanaone chovuta. Ndinasesa, ndinayala nsalu pa tebulo, ndinandanda mipando ya a komiti mbali imodzi, ndi iwiri mbali inayo, wa a madamu ndi wa mwana. Wanga sanautchule. Masana anthu atafika ndinaima pafupi ndi chitseko ndi ovolosi yanga, ndipo popeza ndinkaoneka ngati ndikudikira kuchotsa makapu, palibe anandithamangitsa.

Bwana anatsegula ndi mbiri ya ligi. Analoza chithabwa chija n'kunena za agogo awo amene anayambitsa, za mmene ligiyo yakhalira zaka zonsezi chifukwa chosunga malamulo, za dzina labwino limene sangalole kuti liwonongeke. Analankhula mpaka tiyi anazizira. Ine ndinkangoyang'ana pamalo popalidwa paja. Kenako kochi anabwereza zake za Loweruka. A madamu anatulutsa malipoti onse kuyambira ku pulayimale, zithunzi za kalasi chaka ndi chaka, kuonetsa kuti ndi mwana mmodzi yemweyo akukula pamaso pa aphunzitsi. Mapepalawo anayenda m'manja mwa a komiti, ena osawatsegula n'komwe.

Ndiye bwana anatembenukira kwa mwana wanga. Anamufunsa m'Chingerezi, mofatsa, dzina lake. Anayankha. Anamufunsa dzina la bambo ake.

Mwanayo anaimirira, manja ali kutsogolo. Anandiyang'ana kuchitseko kuja. Zonse zimene tinaphunzitsana masiku atatu zinathawa, ndipo anatchula ndi "a" patsogolo. Kochi anasekera m'mphuno n'kutambasula manja, ngati akuti mwadzimvera nokha.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinangozindikira ndili pakati pa chipinda, ndikulankhula Chingerezi changa chothyokathyoka chosakaniza ndi Chizulu. Ndinati A ameneyo si dzina, ndi ulemu, kwathu mwana satchula bambo ake popanda iyeyo. Mu komitimo munali mayi wina wachizulu, mphunzitsi wa sukulu ya atsikana ija. Ndinayang'ana iyeyo ndi kochi uja.

"Inu nomwe m'chilankhulo chanu simutchula munthu popanda u patsogolo," ndinatero. "Mwana wanu akamatchula dzina lanu amayamba ndi u. Kodi u ameneyo munamulembetsa pa chitupa? Kwanu ndi u, kwathu ndi a. Chovuta kumva n'chiyani pamenepa?"

Mayi uja anagwedeza mutu kuvomereza, ndinamuona ndi maso angawa, kenako anawerama n'kuyamba kusanja mapepala ake. Kochi anamva bwinobwino, nkhope yake inaonetsa. Koma anangoti, "Kuno si ku Malawi."

Bwana anakweza dzanja. Anandiitana ndi dzina langa, lokhalokha, monga ankandiitanira tsiku lililonse akafuna kuti ndisunthe paipi, n'kundiuza kuti sindinapatsidwe mpata wolankhula. Zaka zonsezo kuitanidwa choncho sikunkandipweteka, ndinali nditazolowera. Tsiku limenelo kunandiwawa chifukwa mwana wanga anali pomwepo akumva. Kenako bwana anati pofuna chilungamo amupatsa mwanayo mwayi wina. Atchule dzina la bambo ake monga lilili pa pasipoti.

  Ine ndinalankhula Chichewa pamaso pa anthu onsewo, ndinalibenso choti n'kubisa.

"Tchula, mwana wanga. Ndakulola ndine."

Anatchula. Sananong'one ngati dzulo lake, anatchula momveka, akundiyang'ana m'maso. Dzina langa lokhalokha, kuchokera m'kamwa mwa mwana wanga, pamaso pa alendo. Ndinamva ngati andivula malaya pamsika, ndipo ndinaona kuti iye zamupweteka kuposa ine. Anakhala pansi, misozi ikungotsika popanda phokoso. A komiti sanaone chilichonse chachilendo. Mmodzi analemba kanthu papepala, wina anayang'ana wotchi.

Anatitulutsa kuti akambirane. Tinaima pakhonde tonse atatu, tikumva masupuni akulira m'makapu. Atatiitananso, bwana anawerenga chigamulo ataimirira. Anati komiti yakhutira kuti mtsikanayo ndi munthu mmodzi, zaka zake n'zoona, ndipo palibe chinyengo chimene chinachitika. Anafika mpaka popepesa chifukwa cha mawu amene ananenedwa Loweruka. Ine mtima unayamba kutsika, ndinatsala pang'ono kuthokoza. Ndiye anatembenuza pepala. Anati komabe lamulo likuti khadi la ligi lifanane ndi pasipoti chilembo ndi chilembo, ndipo kuonetsetsa zimenezo ndi udindo wa sukulu. Choncho zonse zimene mwanayo anapambana m'zaka ziwirizo zafufutidwa, mendulo ipita kwa amene anali wachiwiri, ndipo popeza cholakwacho chachitika m'nthawi yoyesedwa, sukulu ya ku Overport yatuluka mu ligi. Idzapemphenso pakatha zaka zitatu.

A madamu anaimirira. Anati, "Mwanena nokha kuti mwana sananame. Mukuchotsa sukulu yonse chifukwa cha chilembo chimodzi?"

Bwana anayankha kuti akapinda lamulo lero, mawa aliyense adzafuna kuti amupindire. Anatero ndi nkhope yachisoni, ngati lamulolo linagwa kumwamba, chikhalirecho analilemba okha m'chipinda chomwecho. Zaka zitatu. Aliyense m'menemo ankadziwa kuwerenga, ankadziwa kuti pofika nthawi imeneyo mwana wa giredi teni adzakhala atalemba matiriki, mayeso omaliza a sekondale, n'kuchoka. Akanangonena kuti sitikukufunani ndikanawalemekezako, chifukwa akanakhala kuti anena zoona.

Anthu atabalalika ndinatsala ndi mipando. Bwana anandisisita paphewa n'kunena kuti ndili ndi mwana wabwino kwambiri, ndiyenera kumunyadira. Kenako anandikumbutsa kuti nyengo yothamanga yatha, mawa tiimike mapolo a ragibe. Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati yebo. Pa mawu onse amene ndinalankhulapo m'moyo wanga, palibe amene ndimadana nawo ngati yebo ameneyo. M'mutu munali matemberero okwana kudzaza thirakitala, koma pemiti yanga inali yomangirira pa ntchito imeneyo, ndipo ya mwana inali yomangirira pa yanga. Ndinanyamula mipando iwiriiwiri kupita nayo kuchipinda chosungira katundu, mwana wanga akudikira kugeti ndi a madamu.

Kusukulu kwawo sizinamuthere bwino. Ana ena onse a timu, odumpha, oponya, othamanga mtunda waufupi, analibenso kopikisana, ndipo sanachedwe kupeza wolakwa. Mawu achipongwe aja amene ankatinena alendofe m'matekisi anawapeza atalembedwa pa desiki yake ndi bolopeni. Sanatiuze, tinamva kwa a madamu. Iwowo anayesetsa, sindingawanene. Analemba kalata yodandaula, inabwerera ndi yankho lomwelo. Anakonza kaundula wa sukulu, A uja n'kumuchotsa. Lipoti la temu yotsatira linabwera ndi dzina langa lokha, lolondola chilembo ndi chilembo, ndipo mwanayo sanandipatse m'manja monga kale. Ndinalipeza atalisiya pansi pa pilo.

A madamu anabweranso kwathu kawiri. Anati kugombe kuli kalabu ya othamanga yosafuna khadi la sukulu, kuli mipikisano ya m'misewu, mwina munthu wina angamuone kumeneko. Mwanayo anamvetsera mwaulemu, anathokoza, kenako analowa pansi pa bedi n'kutulutsa nsapato zothamangira zimene a madamu anamubwereka, atazichapa bwinobwino, n'kuwabwezera.

Ine ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo wa masiku ochepa. Ndinkati miyendo imeneyo singakhale pansi, imutuma yokha. Panapita miyezi. Tsiku lina m'nyengo yozizira, titatha kuswali m'mawa, ndinamupeza atakhala pachiundo kunja, atadzifunditsa chitenje cha amake, pa nthawi yomwe ija ankapita kuchitunda. Ndinakhala pambali pake. Ndinkafuna kumupepesa za kufuula kwanga, za malipoti amene ndinkawanyadira m'malo mowawerenga, za tebulo limene ndinamenya. Koma mwamuna wa kwathu sadziwa poyambira kupepesa mwana wake, ndiye ndinayambira kutali. Ndinati ndabwereka njinga kwa mlonda wa pa shopu, iye athamange kutsogolo ine ndizimutsatira, tingofika pamwamba pa chitunda basi. Ndinati asalole anthu amene aja kumulanda miyendo yake.

 Iye analankhula osandiyang'ana.

"Ababa, munandiuza kuti ndikatchula zitheka. Ndinatchula."

 Iye anadzuka kukateleka madzi a tiyi, ine ndinatenga ovolosi yanga n'kupita kukakwera tekisi ya ku Westville. Sanathamangenso.